Zaka 6 za galaja yathu ndi quad imene sindinayenera kugulitsa

Mwezi uno galaja yathu yakwanitsa zaka 6, ndipo Loweruka lapitali tatsegula bwalo lophunzitsira ana kukwera quad, njinga yamoto ya matayala anayi, cha ku Chileka. Ndikaima pansi pa shedi yamalata ija ndimakumbukira 2019, ndili pansi pa mtengo wa mango ku Ndirande ndi kabokosi kamodzi ka masipanala, ndikukonza njinga za anyamata a kabaza. Quad yoyamba inandipeza pomwepo. Bambo wina wogwira ntchito ku esiteti ya tiyi ku Thyolo anabwera nayo pa pikapu, Yamaha Blaster imene inagona zaka ziwiri, makoswe atadya mawaya. Ndinalimbana nayo milungu itatu. Tsiku limene inalira, ana a m'dera lonse anakhamukira pamtengo paja, ndipo ine ndinadziwa kuti ntchito yanga ndi imeneyi.

Chaka chotsatira ndinayamba kuitanitsa quad zakalekale kuchokera ku Johannesburg, imodzi imodzi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza. Amene anandikaniza ngongole ponena kuti zidole za matayala anayi si bizinesi, mageti a ku Chileka ndi otsegula, abwere adzaone. Ndipo amalonda aja amene ananditumizira njinga yothyoka felemu, atawotcherera mwachinyengo n'kupaka penti pamwamba, adziwe kuti pa felemu imeneyo pakanakhala mwana wa munthu. Ndinaidula n'kugulitsa ngati zitsulo, ndalama n'kulowa m'madzi.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinatsala pang'ono kutseka, poti sipeya aliyense timagula ndi randi. Koma chimene chinandipweteka koposa si chimenecho.

Mu 2022 kunabwera bambo ndi mwana wawo wa zaka 14, wamtali kuposa ine. Mnyamatayo maso anali pa Blaster ina yabuluu. Pa pulasitiki yake panali chomata cha kampani chonena kuti wosakwana zaka 16 asakwere, ndipo ine ndinachiona. Bambo aja anati, "Achimwene, mwanayu ndi wamkulu thupi, kaja kakang'ono akatopa nako mwezi umodzi." Lendi inali itandithina. Ndinalandira ndalama.

Patatha masiku 9 foni inalira usiku. Mwana uja anatulukira nayo pa tala, anakhota ali pa liwiro, njinga inatukuka mbali imodzi n'kumugwera. Anathyoka fupa la paphewa ndi nthiti ziwiri. Helemeti ndi imene inamupulumutsa mutu. Ndinapita kuchipatala m'mawa mwake. Mayi ake sanandikalipire, anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo, inu munkadziwa?" Ndinkadziwa. Ndinabweza ndalama yonse, ndipo miyezi iwiri sindinagulitse quad ngakhale imodzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine tsiku lija ndinaiwala zimenezo chifukwa cha lendi.

Blaster injini yake ndi ya 195cc yokha, nambala yooneka yaing'ono. Koma ndi two-stroke: moto ukakhala wochepa imakhala ngati yagona, kenako mphamvu yonse imabwera kamodzi. Ili ndi magiya 6 ndi kilatchi yapamanja, ilibe livesi. Chinanso chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti quad yamasewera matayala ake akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi, amazungulira mofanana. Pa fumbi tayala limaterereka pang'ono ndipo njinga imakhota bwino, koma pa tala limagwira, njinga n'kufuna kugudubuzika. Wokwera ayenera kusuntha thupi lake kulowera mkati mwa kona. Mpando wautali uja ndi wa zimenezo, si wonyamulirapo mnzake.

Lero kholo likabwera sindiyamba ndi mtengo. Ndimafunsa zaka za mwana, kenako ndimamukweza njinga ili chozima. Aimirire pa zopondera, pakati pa iye ndi mpando pakhale mpata woti chikhatho changa chilowe. Akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto osanyamuka pampando. Zala zifike pa buleki, chala chachikulu chikankhe kachitsulo kowonjezera moto popanda kusiya chogwirira. Akalephera chimodzi mwa izi, njingayo si yake, ngakhale alire.

Wa zaka 10 mpaka 15 amene sanakwerepo ndimamuyambitsa pa Yamaha Raptor 90 kapena Honda TRX90X. Zili ndi kabawuti kochepetsera moto, kholo limamasula pang'ono pang'ono mwana akamazolowera. Wa zaka 16 kupita m'tsogolo, mtima wanga uli pa Honda TRX250X. Injini yake ndi four-stroke ya 229cc, mphamvu imabwera mwaulemu, kilatchi yake siizimitsa injini mwana akaisiya molakwika, ndipo m'malo mwa tcheni ili ndi shafiti, choncho fumbi la Okutobala siliivutitsa. Suzuki LT-Z400 ndi Raptor 700 ndi za munthu amene wakwera zaka. Raptor 700 imalemera pafupifupi makilogalamu 190, ndipo ikagwera mwana sangaichotse yekha. Makolo ena amakwiya n'kukagula kwina. Ambiri amabwerera, ena ndi anzawo.

Ndithokoze mayi a kunyumba, amene anagulitsa matumba a chimanga chawo kuti tilipire lendi mu 2023 osandiwerengera. Ndithokoze anyamata anga atatu a m'galaja, amene anagwira miyezi iwiri akulandira theka la malipiro. Anyamata a kabaza a ku Ndirande, inu ndi amene munandidyetsa poyamba, ndipo mpaka lero njinga zanu sindizibweza. Amalume amene anatibwereka malo a ku Chileka, eni malo ogona alendo ku Mangochi amene amatitumizira njinga zawo chaka ndi chaka, ndi dalaivala wa thiraki amene wakhala akutinyamulira katundu mokhulupirika, Mulungu akudalitseni. Ndipo banja lija la 2022, limene linandikhululukira. Mnyamata uja lero ndi wamkulu, ndipo Loweruka anabwera kudzatithandiza kuika matayala m'mbali mwa bwalo.

Pakali pano tili ndi Raptor 90 ziwiri ndi TRX250X imodzi, zonse tazimasula n'kuona felemu ndi maso athu. Aliyense wogula timamupatsa helemeti ya saizi ya mwanayo ndi maphunziro a Loweruka atatu osalipira. Amene muli nayo kale quad, bweretsani tiione mabuleki ndi mpweya wa matayala, poti ambiri mumapopa ngati a galimoto pomwe amafuna mpweya wochepa kwambiri. Bwalo timatsegula 8 koloko m'mawa. Mubwere naye mwanayo, atavala nsapato zotseka ndi buluku lalitali.