Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Makatoni a chakudya ku Leicester

Sabata yatha ndinalekezera pomwe ndinapeza ganyu ya masiku atatu pa sabata ku kabungwe kena kachifundo kogawa chakudya kuno ku Leicester, mzinda wa ku England. Usiku ndinkasamalirabe okalamba. Ndinali ndisanathe chaka pamenepo pamene Boris Johnson, nduna yaikulu ya dziko lino nthawi imeneyo, analengeza m'bindikiro wa mliri wa kolona pa 23 Malichi 2020.

Kutacha, ofesi yathu inagawika pawiri popanda wina kulamula. A ntchito za pakompyuta ananyamula malaputopu n'kupita kwawo. Ena anawaika pa furlough, boma n'kumawapatsa 80 peresenti ya malipiro ali khale m'nyumba. Otsala kunyamula makatoni tinalipo asanu: ine, mnyamata wa ku Somalia, amayi awiri achimwenye ndi dalaivala wa ku Nigeria. Pa Zoom, pomwe ankamanga mfundo zonse, panali azungu okhaokha. Sanali anthu oipa ayi. Abwana athu ankandiimbira foni kufunsa ngati magolovesi alipo. Koma zitamveka kuti madokotala oyamba kufa ndi kolona m'dziko muno anali ochokera ku Sudan, Nigeria ndi Pakistan, ndinayamba kuyang'anitsitsa nkhope za ife oima pakhomo.

Chimene chinkandidya mumtima kwenikweni chinali fomu. Munthu asanalandire katoni ankalemba dzina, adiresi, ndi thandizo la boma limene amalandira. Pansi panali funso la mapepala okhalira m'dziko muno. Anthu athu ambiri khadi yawo ya viza inalembedwa kuti saloledwa kulandira thandizo la boma, ndiye ntchito ikatha, kwatha. Ena ndiye alibe n'khadi yomwe. Wolemba fomuyo ankangofuna manambala okaonetsa kwa opereka ndalama. Sanaganizepo kuti alipo anthu amene angalolere kugona ndi njala kusiyana n'kuyankha funso limenelo.

Tsiku lina kunabwera mayi wina ndi ana awiri. Nditamva akukalipira kamwana kuti "takhala chete iwe," ndinadziwa kuti ndi wakwathu. Anawerenga fomu mpaka pansi, n'kuibweza pa tebulo mwaulemu, n'kutuluka. Ndinawathamangira mpaka pokwerera basi.

"Amayi, tabwererani. Ife sitipereka mayina kwa a imigireshoni."

"Achemwali, inu simupereka. Koma pepala likalembedwa limayenda lokha."

Ndinabwerera, n'kutenga katoni osalemba paliponse. Atatsegula anapeza nyemba zotsekemera za m'chitini, pasta, supu ndi tiyi. Anathokoza kawiri konse, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati mumapezeka kaufa. Munalibe. Ndinakanena ku ofesi, yankho linali loti timagawa zimene masitolo akuluakulu atipatsa.

Kenako pa 25 Meyi wapolisi anapha George Floyd, munthu wakuda, ku Minneapolis ku America. Pa 7 Juni anthu ku Bristol anagwetsa chiboliboli cha Edward Colston, wogulitsa akapolo uja, n'kuchiponya m'madzi. Mabungwe achifundo anadzidzimuka ngati ogona m'basi. Lathunso linalemba pa Facebook kuti likudana ndi tsankho. Sabata yomweyo anandiitana pa Zoom, koyamba chilowereni ntchito.

Ndinalowa ndili m'galimoto, nditangoweruka ya usiku, maso ali gwa. Anati ndiwauze mmene ndikumvera ngati munthu wakuda, ndiponso ngati ndingalole chithunzi changa kutuluka m'kalata yopemphera ndalama. Ndinaseka kaye. Mmene ndikumvera? Msana unkandipweteka, basi. Ndinati achotse funso la mapepala pa fomu, agule ufa. Kenako lilime linaterereka, ndinafunsa kuti mwa anthu asanu ndi anayi a mu bodi yoyendetsa bungwe lathu, ndi angati amene anaimapo pamzere wa chakudya, kapena amene amafanana ndi oima pamzerewo.

Panali zii. Abwana anayamba kulira, akuti samadziwa. Mukhulupirire, ine ndi amene ndinatha mphindi khumi ndikuwatonthoza. Mpaka lero sindimvetsa kuti zinatembenuka bwanji chotero.

Pa 29 Juni, kumudzi anthu akadavinabe za chisankho chachibwereza, Leicester yokha anaitsekeranso m'bindikiro wina, kwina konse akukonzekera kutsegula mabala. Nyuzipepala zinadzaza ndi nkhani za mafakitale osoka zovala kumene anthu ankapanikizana pa malipiro ochepa. Ambiri mwa anthu amenewo ndi omwe ankafika pa tebulo lathu. Mzere unatalika mpaka kukhota pakona.

Funso lija analichotsa mu Julaye. Ufa unabwera matumba makumi awiri, ndinakagula ndekha pa sitolo ya amwenye, ndipo unatha tsiku limodzi. Za mpando mu bodi anati akhazikitsa komiti yoti iunike nkhaniyo. Chithunzi ndinakana, anaika cha dalaivala.

Thumba limodzi ndinalibisa pansi pa tebulo. Loweruka ndinapita nalo kunyumba imene ndinawasiya mayi aja tsiku lija. Anatsegula ndi mzungu wachikulire, akuti mayi aja anasamuka milungu itatu yapitayo, lendi inawakanika. Ufawo ndinakadya ndekha, nsima yake yosakoma n'komwe.

Za komiti ija, ndi mmene ndinapezekera ndili mlembi wake, ndikambe Lachisanu likubwerali.