Anandibera pampu ku dimba

Ogasiti wa chaka chatha ndinalawirira ku dimba, kukapeza pampu yanga ya petulo kulibe, angosiya paipi yodula ndi chikwanje basi. Tomato anali atangoyamba maluwa, dzuwa lake la ku Salima lija, ndinangokhala pamzere manja m'khosi.

Kulakwa kunali kwanga ndithu, ndinkaisiya komweko nditaifunditsa mapesi ati kubisa, chonsecho ikamalira imamveka mpaka kumsewu ndiye aliyense ankadziwa pomwe ili. Kupolisi atandifunsa siliyo nambala, nambala ya kufakitale yolembedwa pa pampupo, ine kakasi, lisiti lomwe ndinataya kalekale.

Yatsopanoyi ndiye ayi. Ndinapita nayo kwa owotcherera anandilembera dzina pa fulemu, ndinaipaka penti yofiira mbali zonse kuti ikafika pamsika izioneka, nambala ndinaijambula pafoni. Madzulo aliwonse imakwera wilibala kubwerera kunyumba, kutopetsa inde koma bola. Sola ya achimwene sitingamainyamule tsiku ndi tsiku, ndiye mapanelo tinawaika pa chitsulo chachitali, mabawuti tinawotcherera mitu kuti sipanala isagwire. Aganyu osawadziwa sindiwaonetsanso kosungira zida, amene ndikumukaikira kuti anaba pampu ija anangogwira masiku 3 okha, nkusowa.