Faelo yomwe ndinapita nayo ku intavyu ya uphunzitsi

Nditamaliza IPTE, maphunziro a uphunzitsi wa ku pulayimale, ku koleji ya aphunzitsi ya Blantyre TTC ndinabwerera kwathu ku Ngabu n'kumangodikira, ndiye tsiku lina foni inalira kuti ndikaonekere ku intavyu pa sukulu ina cha ku Nchalo, kutangotsala masiku anayi basi. Mapepala anga onse anali mu jumbo kudenga, tinawakweza nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 madzi atalowa m'nyumba, ena anali atachita nkhungu m'mbalimu moti mtima unandiwawa.

Choyamba ndinakagula faelo ya timapulasitiki mkati ija, chifukwa kuno ndi dzuwa lathuli ukakwera kabaza pepala limakafika litanyowa ndi thukuta. Patsogolo ndinaika CV ndi kalata yofunsira ntchito, kenako mafotokope a MSCE, satifiketi ya uphunzitsi ndi chitupa cha unzika. Mafotokopewa kadinditseni msanga kwa majisitireti, maorijino tenganinso koma mu envelopu ina.

Pomwe ndinavutika ndi pa masikimu (ndondomeko ya zophunzitsa pa teremu) ndi ma lesson plan a ku teaching practice. Ine ndimafuna ndiwakopere mwatsopano aoneke oyera, koma amayi aang'ono omwe anaphunzitsa zaka zambiri ku Bangula anandigwira dzanja, amvekere mwanawe usayerekeze, akuluakuluwo akufuna aone pomwe unalakwa ndi momwe unakonzera. Ndiye ndinaika pulani ya masamu a Sitandade 2 yomwe a mentor anga anailemba ndi bolopeni yofiira paliponse, akuti ndikuyankhula ndekha nthawi yaitali ana ali chete, pambali pake n'kuika ya sabata yotsatira pomwe ana ndinawagawa m'magulu aziwerengera njere za malambe ndi zitsekerero za mabotolo. Zithunzi za TALULAR, zipangizo zophunzitsira zopangidwa ndi zinthu zopezeka m'dera, ndinasindikiza zitatu zokha, zoonetsa zipangizo osati nkhope za ana, komanso kalata ya ahedi a pa sukulu yomwe ndinachitira practice.

Mu intavyumo munali anthu anayi. Mayi wina anandifunsa kuti aphunzitsi, mwana wa Sitandade 1 yemwe kwawo amayankhula Chisena chokhachokha mumuyamba bwanji kuwerenga? Pakamwa panauma ndithu, koma ndinatsegula faelo n'kutulutsa makadi omwe ndinadula pa katoni ya sopo, kutsogolo chithunzi ndi liwu la Chichewa, kumbuyo liwu lomwe mwanayo amalidziwa kunyumba, ndinafotokoza kuti timayambira pa lakwawolo kenako maliwu ndi maphatikizo monga timachitira mu National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga. Makadi aja anayenda m'manja mwa onse anayi, bambo wa kumapeto anakhala nthawi akuyerekeza mapulani awiri aja, osayang'ana n'komwe CV yomwe ndinaigonera mochedwa.

Patatha sabata ziwiri anandiimbira kuti ndikayambe Lolemba, ndipo ahedi anati makadi aja ndisawasiye kunyumba chifukwa kalasi yomwe andipatsa ndi Sitandade 1.