Madzi tili nawo, chimanga chikupserera

Aphungu athu olemekezeka, mukamakambirana bajeti ya ulimi ku Nyumba ya Malamulo, nkhani isamangothera pa feteleza wotsika mtengo wa boma. Feteleza ngwabwino, inde, koma mu 2024 ng'amba ya El Niño itavuta ine ndinathira matumba awiri, chimanga n'kupserera chisanamasule n'komwe. Chonsecho nyanja ya Malombe ndimaionera pamunda pomwepo, madzi ali mbwee! Shire naye amangodutsa pa Mangochi pano ngati mlendo. Ndalama zipite ku mthirira: mapampu a sola, mapaipi, ngalande.

Ndiye za msika. Boma limalengeza mitengo yoyambira, koma mavenda amabwera ndi masikelo awo okayikitsa, nandolo n'kunyamula motchipa. Amawalondoloza ndani kumudzi kuno? Alangizinso achepa, wathuyu njinga yake inatha kalekale.