Domain ya pa okushoni ndi alendo a malume ochokera ku Jakarta

Malume anga ali ndi kaloji ku Salima cha ku Senga Bay, khonde loyang'ana kunyanja, chambo chowotcha chonyambita nacho zala, koma alendo njee. Ine ndimapanga mawebusayiti ndiye kwathu aliyense amaganiza kuti Google ndimadya nayo nsima mbale imodzi. Tsiku lina anandiimbira, "Mphwanga, mzungu akalemba lodge Salima bwanji akumatuluka anzathu okhaokha? Sukulu ija tinakulipirira ya chiyani?"

Ndinawafotokozera kuti Google imaona zambiri koma china chachikulu ndi ma backlink, mawebusayiti ena amene akuloza kwa iwe, ndipo domain yatsopano, kunena dzina la adiresi ya webusayiti, palibe amaiwerengera. Koma pali madomain amene eni ake anasiya kulipira, kaya bizinesi inagwa kaya anangoiwala, kampani yolembetsa imadikirako kaye masabata angapo kenako imakaiponya pa okushoni, pomwe malinki akale aja akulozabe komweko. Atangomva okushoni malume anatsitsimuka, paja analimapo fodya. "Zimenezo ndimazidziwa za ku Kanengo, ungoonetsetsa belo lathu lisabwerere."

Ndinakhazikika pa ExpiredDomains.net, webusayiti ya mndandanda wa madomain otha ntchito, usiku kusefa mayina mpaka maso kufiira, ndipo ndinaipeza. Ya .com, dzina lachingerezi lokhala ndi lake komanso lodge m'kati, ngati anachita kutisokera. Pa Ahrefs ndi Moz, makampani oyeza mphamvu ya domain, DR yake ya Ahrefs 52, DA ya Moz nayonso yonenepa, ndipo manambalawa amathera pa 100 ndiye 52 kwa kaloji ka ku Salima ndi ufumu abale. Ndimadziwa ndithu kuti DR ndi DA ndi sikelo za makampani amenewo, Google siigwiritsa ntchito olo pang'ono, ndimawauzanso makasitomala anga zomwezo ndi nkhope yaukatswiri, koma usiku umenewo 52 uja anandilowa m'mutu ngati kachasu.

Vuto linali la madola, nkhani ya forex simukufuna kuti ndikuuzeni. Ndinamupeza msuweni wanga wa ku Joni, mwana wa malume omwewo, ndikumutumizira linki, iye nkundipatsa khadi lake ndiike pa akaunti yanga, tidzawerengerana m'makwacha. Anandifunsa kuti nanga magetsi akakuthimira nthawi yotseka? Ndinati asuweni musadandaule, pawabanki ndatchaja.

Mtengo unali pa madola 25 tsiku lonse, phee. Kutatsala mphindi zochepa kunatulukira munthu. Kumeneko mayina sakuonetsa, amangolemba Bidder ndi kanambala, ndiye sudziwa ngati ukulimbana ndi kampani ya ku America kapena mnyamata wa mu internet cafe. Ndikaika iye akuika, ndikaika iye akuika, ndipo choipa nchakuti ukabida chakumapeto wotchi imawonjezera mphindi zina, ndiye masewera ake satha, ine thukuta kamukamu pa mphasa, udzudzu ukundidya sindikuumva nkomwe, ndikutukwana munthu wosamudziwa mpaka agogo ake. Anagonja pa 380. Ndinavina ndekha m'chipinda mdima uli bii.

M'mawa voice note ya msuweni, mawu okhumudwa. "Asuweni pepani, ndinaopa kuti magetsi akuthimirani ndiye ndinatsegula akaunti yanga kuti ndikuthandizeni, koma kunali galu wina wake wamakani, ndinamusiya pa 375." Ndinamvera kawiri. Galuyo ndinali ine, ndipo tonse awiri timabida ndi khadi limodzi.

Chabwino, za m'banja. Webusayiti ndinaimanga yokongola, zithunzi za dzuwa likutuluka pa nyanja, mitengo ya zipinda, batani la WhatsApp lopita pa foni ya malume. Sabata isanathe anthu anayamba kubwera pa webusayitiyo, ndipo osati pang'ono. Ndinawatumizira malume sikirinishoti ya mapu a alendo, Indonesia yonse yathima ndi mtundu, Jakarta, Surabaya, Medan. Malume sanafunse kawiri, anagula penti, anaitana mmisiri wa maneti a udzudzu, azakhali nkuyamba kufunsa ngati anthu amenewa amadya nsima kapena tigule Kilombero wambiri.

Kenako mauthenga. Foni ya malume inkalira usiku wonse poti kumeneko kumacha ife tili mtulo. Onse chilankhulo chosamveka, koma mawu ena amabwerezabwereza, slot gacor, deposit, WD, bonus, ena akutumiza masikirinishoti a ndalama ndi timaemoji tokwiya. Malume anaona deposit nkuganiza kuti anthu akufuna kulipiriratu zipinda, ndipo aliyense amamuyankha mwaulemu wake, "You are most welcome, breakfast included." Wina anawayankha ndi voice note yokuwa mphindi yathunthu, malume akuti mwina ndi netiweki.

Apa mpomwe ndinatsegula Wayback Machine, ija ya archive.org imene imasunga zithunzi za mawebusayiti a zaka zam'mbuyo, yaulere, yosafuna ngakhale akaunti. Zaka zoyambirira kunalidi loji ya asodzi ku Canada, azibambo a ndevu atanyamula nsomba zazikulu ngati ana, ndipo malinki abwino ochepa anachokera nthawi imeneyo. Kusuntha kalendala pang'ono, tsamba lonse lofiira ndi golide, makina a juga akuthwanima, mawu a juga a ku Indonesia ngati judi online ndi togel, zinjoka za katuni. Domain ya pa okushoni ili ngati jekete la pa kaunjika, umapisa kaye m'matumba usanalipire, ndipo m'matumba a langali munali zoopsa. Kubwerera pa Ahrefs kukaona anchor text, mawu amene malinki aja alembedwa, lake kapena lodge wochita kusaka ndi tochi, ena onse slot slot slot kuchokera pa mawebusayiti obedwa ndi mabulogu a zinyalala. 52 uja anamangidwa ndi zimenezo. WD kumeneko ndi withdraw, anthu aja amafuna ndalama zawo zimene anawina kwa eni juga amene anathawa, ndipo amene anatsala pa adiresiyo akumwetulira pa khonde ndi malume anga, mkulu wa mpingo.

Pa Google pokha ndiye ziii. Kulemba site: ndi dzina la domain, palibe chotuluka. Mu Search Console, momwe Google imauzira mwini webusayiti za webusayiti yake, pa Manual actions, chilango cha spam chili pompo chondidikira, cholowa cha eni akale. Umatha kupempha kuti akuunikenso, ndinapempha, ndinachitanso disavow malinki onyansawo, kuiuza Google kuti isawawerengere, mpaka zala kuwawa, koma chikhalirecho mu March 2024 Google inalengeza kuti kugula domain yakutha ndi cholinga chokwera pa mbiri yake yakale ndi zinthu zopanda phindu ndi spam, ndiye kalata yanga yodandaula ndinailemba mosamala ngati ya kwa apongozi.

Kuwauza malume zinandivuta kuposa 380 ija. Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye a Gacor aja sakubwera?" Ndinati sakubwera malume. "Nanga penti?"

Pano loji ili pa domain yatsopano yopanda mbiri, ikukwawa pang'onopang'ono. Yakale ija ndinaiikanso pa malonda kuti mwina ndibwezeko kangachepe, palibe olo mmodzi wabida. Dzulo malume andiimbira, akuti ndimuuze msuweni wanga.