Sabata ya mafomu ndi mapapo a munthu wa kumgodi

Sabata ino ndinagwira ntchito ziwiri: ya kuwodi, ndi yosonkhanitsa mapepala ofunsira malo pa maphunziro a MMed (digiri ya ukatswiri wa udokotala) ya radiology, ntchito yowerenga zithunzi za m'kati mwa thupi monga X-ray, ku University of Zimbabwe. Akanditenga, ndikhala registrar, dokotala wophunzira ukatswiri, zaka 4, nthawi yambiri ndili m'chipinda chamdima maso ali pa sikirini.

Mapepalawo sanandivute. Lolemba ndinakadinditsa makope a digiri, setifiketi ya Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe, ndi umboni woti ndinamaliza zaka ziwiri za JRMO ndi SRMO, zimene dokotala watsopano amagwira moyang'aniridwa. Chinandiumitsa mutu ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene ndikufunira radiology. Anzanga ena amati ndikuthawa odwala ndi ntchito ya usiku, ndipo mawuwa amandipweteka, chifukwa si zoona.

Lachitatu kunabwera bambo wina wa ku Mabvuku mu Harare, makolo ake ochokera ku Dedza. Ankatsokomola, atawonda, ndipo kungoyenda kuchoka pa benchi kufika pakhomo befu linali litamugwira. Anali atamwa kale mankhwala a TB miyezi 6 osasintha, ndipo makina oyezera TB a GeneXpert sanapeze kanthu m'makhololo. Ndinatenga X-ray yake kupita nayo kwa dokotala wamkulu wa radiology. Asanayang'ane n'komwe anandifunsa kuti, "Amagwira ntchito yanji munthuyu?" Ndinati akhala akukumba golide kwa zaka zambiri cha ku Kadoma, kuboola miyala mouma, popanda madzi.

Apo m'pamene anandionetsa ndi nsonga ya cholembera. Timadontho toyera tambirimbiri tinali titadzaza kumtunda kwa mapapo onse awiri, ndipo anabele a pakati pa chifuwa anali ndi mkombero woyera wopyapyala ngati chigoba cha dzira. Anati ndi silicosis, matenda a fumbi la miyala. Fumbilo likakhazikika m'mapapo limasiya zipsera zosachoka, ndipo mankhwala ochiza palibe. Choopsa china n'chakuti mapapo oterewa amagwidwa TB mosavuta, choncho munthu ayenera kuyezedwabe pafupipafupi. Pa X-ray matenda awiriwa amafanana kwambiri, moti pachipatala chopanda wodziwa kuwerenga zithunzi, wodwala angamwe mapiritsi mpaka kutopa nawo.

Nditawafotokozera m'Chichewa, bambowo anakhala chete, kenako anati, "Ndiye anyamata anga aja, adokotala? Onse awiri ali kumgodi komweko." Ndinawauza kuti, "Bambo, auzeni abwere tidzawajambule, ndipo asaboolenso mwala popanda kuthira madzi."

Lachinayi usiku kunali ngozi ya kombi (minibasi). Ndinaika ultrasound, makina ounikira m'kati mwa thupi, pamimba pa mtsikana wina, ndipo kamzere kakuda pakati pa chiwindi ndi impso kanationetsa kuti magazi akutayikira m'kati. Tinathamangira naye ku thiyeta osadikira china.

Kalata ija ndinailemba m'mawa mwake, tulo tili m'maso. Ndinalembamo za bambo wa kumgodi uja, ndi kuti ndikufuna kudzawerenga zithunzi za zipatala za kumaboma, kumene makina alipo koma wowerenga ali kutali. Masana ndinakapereka zonse. Tsopano ndayamba kubwereza physics, za mphamvu ya makina a X-ray ndi katetezedwe ka wodwala ku cheza, pokonzekera intavyu. Anyamata a bambo aja alonjeza kubwera Lachiwiri.