Ndalandira laisensi ya ntchito yogulitsa nyumba ndi malo

Abale ndi anzanga, ndikudziwitseni kuti lero ndalandira laisensi yondilola kuthandiza anthu kugula, kugulitsa ndi kuchititsa lendi nyumba ndi malo. Poyamba ndinkaganiza kuti ntchitoyi imangofuna pakamwa pokoma, koma mayeso anandionetsa zina. Gawo limene linandisowetsa tulo ndi la malamulo: kutsimikiza kuti wogulitsayo ndiyedi amene dzina lake lili pa chikalata cha umwini, kufufuza ngati nyumbayo sinaperekedwe chikole ku banki, ndiponso kusunga ndalama za makasitomala mu akaunti yapadera, osazisakaniza ndi zanga ngakhale tsiku limodzi. Pakadali pano ndiyamba kugwira ntchito moyang'aniridwa ndi munthu amene wakhalitsa pa ntchitoyi, chifukwa luso loika mtengo woyenera pa nyumba sindinalidziwe bwino.